Seva Imodzi Ikagwa, Ntchito Isaime



"Netiweki yavuta." Mawu amenewa akumveka tsiku ndi tsiku kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, kuchokera pa Nsaru kukafika ku Nambuma. Amanena ndi mnyamata wa pa kabenchi ka Mpamba ndi Airtel Money. Amanena ndi kalaliki wa pa chipatala. Alimi ambiri anawamvanso m'madepoti pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, poti thumba la feteleza linkatuluka pokhapokha chiphaso cha unzika chitawerengedwa pa foni n'kuvomerezedwa ndi kompyuta imene ili kutali. Wouzidwa mawuwa alibe pogwira. Amakhala pansi n'kumadikira, apo ayi amapalasa njinga kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Komatu kuseri kwa mawuwa nthawi zonse kumakhala chinthu chenicheni chimene chafa. Mwina seva, kompyuta imene imayankha mapempho a makompyuta ena, yazima, mwina chingwe chaduka, mwina swichi yapsa ndi mphenzi kapena batire latha moto. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: chinthucho chitafa, chinzake cholowa m'malo chinali kuti? Amisiri a netiweki amayankha funsoli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi load balancing, kugawa ntchito pakati pa maseva angapo kuti imodzi isalemedwe. Yachiwiri ndi failover, kukonzeratu kuti chipangizo chikafa chinzake chitenge ntchito chokha, popanda munthu kuthamangira ku chipinda cha makina. M'dera ngati lino, kumene ogwiritsa ntchito seva imodzi sachuluka koma magetsi ndi zingwe zimadukaduka, njira yachiwiriyi ndiyo yofunika koposa.

Dera lino si lachilendo pa nkhani zotere

Chipatala cha St Gabriel's pa Namitete, chimene masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chili ndi mbiri yake pa nkhani ya mauthenga a zaumoyo. Mu 2008 wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anafika pamenepo ndi laputopu ndi mafoni a m'manja, n'kuika pulogalamu ya FrontlineSMS kuti anthu ongodzipereka osamalira odwala m'midzi azitumiza mameseji ku chipatala m'malo moyenda mitunda italiitali. Ntchito imeneyi ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe pambuyo pake linafalikira m'maiko ambiri.

M'tauni ya Lilongwe namo, pa chipatala chimene lero ndi Kamuzu Central, gulu la Baobab Health lotsogoleredwa ndi Gerry Douglas linayamba mu 2001 kuika makompyuta ongodina ndi chala pa galasi kuti azilembera odwala. Amisiri a Baobab anaona msanga kuti mdani woyamba ndi kuzima kwa magetsi. Anamanga dongosolo loyendera mabatire a mavoti 48, ndipo makompyuta a m'zipinda ankalandira mphamvu kudzera m'chingwe chomwecho chonyamula mauthenga. Zikatero swichi imasanduka mtima wa chipatala: ikazima, mauthenga ndi mphamvu zimathera limodzi.

Ndiye nkhani ya swichi si ya m'mabanki a ku City Centre okha. Ndi ya chipatala cha ku Kabudula, ya sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, ya malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, ndi ya ofesi iliyonse imene yasiya kaundula wa pepala.

Si swichi iliyonse imadziwa za maseva

Swichi ya netiweki ndi bokosi lokhala ndi mabowo olowetsamo zingwe, kawirikawiri 8, 24 kapena 48. Ntchito yake yoyambirira ndi yochepa: imaphunzira adiresi ya MAC ya chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa bowo lililonse, ndipo uthenga ukafika imautulutsira pa bowo loyenera. Maswichi otsika mtengo a m'mashopu ambiri amathera pomwepa. Salola mmisiri kulowamo n'kusintha kanthu, ndipo sadziwa ngati seva ili moyo kapena yafa.

Swichi yolola kulamulidwa, imene amalonda amati managed, ndiyo poyambira pa ntchito ino. Ngakhale pamenepo wogula ayenera kufunsa bwino, chifukwa kugawa ntchito pakati pa maseva kumafuna chipangizo chotha kuwerenga mkati mwa uthenga kuposa adiresi ya MAC. Ntchitoyi imapezeka m'makina apadera monga BIG-IP ya kampani ya F5, ndiponso m'maswichi ena akuluakulu a Cisco. Mitengo yake ndi ya ndalama zakunja, zomwe chipatala cha kumudzi sichingazipeze mosavuta.

Mwayi ulipo. Mu 1998 Wensong Zhang wa ku China anayambitsa Linux Virtual Server, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Willy Tarreau wa ku France anatulutsa HAProxy. Mapulogalamu onsewa ndi aulere. Akaikidwa pa makompyuta awiri ang'onoang'ono pamodzi ndi pulogalamu ya Keepalived, n'kulumikizidwa ku maswichi awiri olola kulamulidwa, amagwira ntchito yofanana ndi ya makina odula aja pa mlingo umene chipatala kapena sukulu ikufuna. Dzina la kampani lingasiyane, malamulo olemba angasiyane, koma masitepe ake ndi amodzimodzi.

Adiresi imodzi, maseva awiri

Sitepe yoyamba ndi kulemba maseva enieni. Mwachitsanzo, chipatala chili ndi maseva awiri a kaundula wa odwala, ina pa adiresi 192.168.10.11, inzake pa 192.168.10.12. Mmisiri amawaika m'gulu limodzi. Kenaka amapanga adiresi yachitatu, 192.168.10.10, imene si ya seva iliyonse mwa awiriwa koma ya chipangizo chogawa ntchito. Imeneyi amaitcha VIP. Makompyuta onse a m'zipinda amauzidwa adiresi yokhayi, ndipo namwino sadziwa kuti wayankhidwa ndi seva iti. Seva imodzi ikachotsedwa kuti ikonzedwe, palibe kompyuta ya m'chipinda yofunika kusinthidwa.

Sitepe yachiwiri ndi kusankha kagawidwe. Njira yosavuta ndi round robin: pempho loyamba ku seva yoyamba, lachiwiri ku yachiwiri, lachitatu kubwereranso ku yoyamba. Imayenda bwino ngati maseva ali ofanana mphamvu. Koma m'maofesi ambiri seva ina ndi yatsopano, inzake ndi yakale yomwe inabwera ndi pulojekiti yomwe inatha kalekale. Pamenepo mmisiri amaika sikelo, monga 3 kwa yatsopano ndi 1 kwa yakale, kuti pa mapempho anayi alionse yakaleyo izilandira limodzi. Njira ina ndi kupereka pempho kwa seva imene ili ndi anthu ochepa pa nthawiyo, ndipo imathandiza pamene ntchito zina zimatenga nthawi yaitali, monga kutulutsa lipoti la pamwezi.

Sitepe yachitatu ndi kusunga munthu pa seva imene anayambira. Kalaliki akalowa ndi dzina ndi nambala yake yachinsinsi pa seva yoyamba, pempho lotsatira likagwera ku yachiwiri imene siimudziwa, amabwezedwa kuti alowenso, ndipo zimene analemba zimatayika. Njira imodzi ndi kugawa potengera adiresi ya wotumiza. Koma apa pali msampha wofala: ngati makompyuta 20 a pa chipatala chaching'ono akufika ku seva kudzera pa rauta imodzi imene imabisa maadiresi awo, wogawa amawaona onse ngati munthu mmodzi n'kuwaunjika pa seva imodzi. Kwa mapulogalamu oyendera pa browser, ndi bwino kugwiritsa ntchito kachizindikiro ka cookie, komwe kamatsatira munthu aliyense payekha.

Sitepe yachinayi imaiwalika kawirikawiri: njira yobwerera. Yankho la seva liyenera kudutsanso pa wogawa uja, pokhapokha dongosolo lidakonzedwa dala kuti lisatero. Seva ikayankha molunjika ndi adiresi yakeyake, kompyuta imene inafunsa 192.168.10.10 imalandira yankho lochokera kwa 192.168.10.11 n'kulikana. Magetsi onse a pa swichi amakhala akuphethira bwinobwino, koma palibe chotseguka.

Kufunsa seva ngati ili moyo

Wogawa ntchito wosadziwa kuti seva yafa amaipitsa zinthu, chifukwa amapitiriza kutumiza theka la anthu kumene kulibe woyankha. N'chifukwa chake amaikiridwa kafukufuku wa pafupipafupi, health check. Apa ndi pamene pamaonekera mmisiri wosamala.

Kafukufuku wosazama ndi ping, amene amangotsimikiza kuti makina ayaka. Seva ikhoza kuyankha ping pomwe pulogalamu ya kaundula inaima kalekale. Kafukufuku wozamirapo amayesa kutsegula port imene pulogalamuyo imamvetsera, monga 80 kapena 443. Wabwino kuposa onse amapempha tsamba lenileni, lokonzedwa kuti lifunse kanthu kakang'ono ku database, ndipo seva imawerengedwa yamoyo pokhapokha yankho lolondola litabwera. Seva imene diski yake yadzaza imadutsa mayeso awiri oyambawo n'kugwa pa lachitatu.

Nthawi nayo iyenera kuganiziridwa. HAProxy ikasiyidwa momwe inabwerera imafunsa masekondi 2 alionse, imachotsa seva ikalephera katatu motsatizana, ndipo imaibwezera ikayankha bwino kawiri. Ndiye kuti seva yakufa imadziwika m'masekondi pafupifupi 6. Manambalawa ndi abwino ngati maseva ali m'chipinda chimodzi. Ngati ina ili m'nyumba ina yolumikizidwa ndi wayilesi, imene imatsamwa mvula ikalimba, kufunsa kothina chotero kumachititsa kuti seva yabwinobwino izichotsedwa ndi kubwezedwa kambirimbiri. Pamenepo nthawi italikitsidwe, ndipo seva yobwerera iyambe yayankha kangapo isanapatsidwenso anthu.

Pali masamu enanso osavuta amene eni ndalama ayenera kuwamva. Maseva awiri, iliyonse ikugwira ntchito pa 70 peresenti ya mphamvu zake, alibe failover. Imodzi ikagwa, yotsalayo imafunika kusenza 140 peresenti, ndipo nayo imagwa. Maseva akakhala awiri, iliyonse isapitirire theka la mphamvu zake ngakhale Lolemba m'mawa pamene mzere wa odwala uli wautali.

Nanga wogawayo akafa?

Kuika chipangizo chimodzi chogawa ntchito patsogolo pa maseva awiri ndi kungosamutsa vuto. Ogawa ayenera kukhala awiri, ndipo adiresi ya VIP iyenera kutha kusamuka. Lamulo lodziwika pa ntchitoyi ndi VRRP, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1998 ndipo limapezeka m'marauta a MikroTik, m'maswichi ambiri olola kulamulidwa ndi mu Keepalived. Cisco ilinso ndi lake lotchedwa HSRP.

Kayendedwe kake ndi aka. Zipangizo ziwiri zimapatsidwa nambala imodzi ya gulu ndi adiresi imodzi yogawana, koma maudindo osiyana. Nambala ya udindo imayambira pa 1 mpaka 254, ndipo yobwera nayo ndi 100. Chopatsidwa 150 chimakhala mwini ntchito, chotsala pa 100 chimadikira. Mwini ntchito amalengeza sekondi iliyonse kuti alipo. Chodikiracho chikapanda kumva kulengezako kwa masekondi atatu ndi pang'ono, chimatenga adiresi ija n'kuulutsa uthenga wa ARP kuti swichi ndi makompyuta onse adziwe kumene adiresiyo yasamukira. HSRP ikasiyidwa momwe inabwerera imalengeza masekondi 3 alionse ndipo imadikira masekondi 10.

Kuno kumene magetsi amabwera, kuzima, n'kubweranso m'mphindi zochepa, mmisiri asamale ndi lamulo lolola mwini ntchito wakale kulanda udindo akangodzuka. Chipangizo chimene changoyaka chikhoza kulanda adiresi mapulogalamu ake asanakonzeke, kenaka n'kuzimanso. Anthu amadulidwa kawiri m'malo mwa kamodzi. Mankhwala ake ndi kuika nthawi yodikira ya mphindi zingapo chisanalande, kapena kuletseratu kulandako kuti munthu ndiye azibwezera udindo zinthu zikakhazikika.

Zingwe ziwiri ndi ngozi ya mkombero

Seva yokhala ndi chingwe chimodzi imafa ndi chingwecho, ndipo makoswe a m'denga sasankha chingwe. Lamulo la LACP, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000 ngati IEEE 802.3ad, limamanga zingwe ziwiri kapena zingapo kuti zigwire ntchito ngati chimodzi. Mbali ziwirizo zimatumizirana uthenga masekondi 30 alionse, kapena sekondi iliyonse zikaikidwa pa liwiro, ndipo mauthenga atatu akasowa chingwecho chimachotsedwa m'gulu. Kusiyana kwake ndi masekondi 90 ndi masekondi 3, choncho ndi bwino kusankha liwiro.

Zinthu ziwiri zidziwike. Choyamba, zingwe ziwiri za gigabit imodzi sizithamangitsa fayilo imodzi kawiri, chifukwa kukambirana kulikonse kumatsata chingwe chimodzi. Chachiwiri, zingwe ziwiri zolowa m'swichi imodzi zimateteza ku khoswe koma osati ku kufa kwa swichiyo. Zipite ku maswichi awiri. Ngati maswichiwo sangamangidwe kuti azioneka ngati imodzi, seva iikidwe pa njira ya active-backup, yomwe Linux ili nayo kale, kuti chingwe chimodzi chizigwira ntchito china chikudikira.

Maswichi akalumikizidwa ndi njira zoposa imodzi, pamabadwa ngozi yatsopano. Uthenga wa Ethernet ulibe malire a moyo wake, ndiye ukapeza mkombero umazungulira osatha, kuchulukana mpaka netiweki yonse itatsamwa. Radia Perlman anapeza yankho mu 1985 ali ku kampani ya Digital Equipment Corporation: Spanning Tree, lamulo lotseka njira zowonjezera n'kuzitsegula pokhapokha yoyamba itaduka. Mtundu wake wakale umatenga masekondi 30 mpaka 50 kuti utsegule njira ina. Mtundu wachangu wa RSTP, wa mu 2001, umatero m'masekondi ochepa. Mmisiri asankhe yekha swichi yokhala tsinde potsitsa nambala yake kuchoka pa 32768 kufika pa 4096, kuopa kuti kaswichi kakale ka mu ofesi ya akaunti kangasankhidwe kukhala tsinde la netiweki yonse.

Zimenezi si nthano. Mu November 2002 chipatala chachikulu cha Beth Israel Deaconess ku Boston chinatha masiku pafupifupi anayi netiweki yake ikugwa ndi kudzuka chifukwa Spanning Tree inasokonekera pa netiweki yomwe inkangowonjezeredwa maswichi popanda mapulani. Madokotala anabwerera ku mapepala, ndipo zotsatira za ku labu zinkanyamulidwa pamanja. Chipatala cholemera chotero chinagwa ndi vuto limene lingayambe pa Kabudula ndi munthu wa mtima wabwino amene wapeza chingwe chikulendewera n'kuchilowetsa pa bowo lopanda kanthu. Mabowo osagwiritsidwa ntchito azitsekedwa mu swichi momwemo.

Ziwiri zimene kwenikweni n'chimodzi

Chipangizo chogwira ntchito 99 peresenti ya nthawi chimamveka chodalirika, koma pa chaka chimakhala chakufa maola oposa 87. Ziwiri zotere zikaikidwa mothandizana, masamu amati zonse zingafere limodzi kwa mphindi pafupifupi 53 zokha pa chaka. Masamuwa ndi oona pokhapokha ngati chimene chapha choyamba sichingaphenso chachiwiri.

Aliyense wa ku Nsaru amadziwa kuti ngolo ya ng'ombe ziwiri imakoka katundu amene ng'ombe imodzi singamuthe, komanso kuti goli likathyoka ngoloyo imaima ngakhale ng'ombe zonse zili zamphamvu. Ntchito ya mmisiri ndi kufufuza goli lililonse limene maseva ake amangidwapo.

Loyamba ndi magetsi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kufupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zomwe EGENCO inkapanga. Kuzimazima kunapitirira mpaka 2023. Maseva awiri pa soketi imodzi, kapena pa chosungira magetsi (UPS) chimodzi chomwe batire lake silinasinthidwe zaka zinayi, amazima pa sekondi imodzi. Mbali iliyonse, kutanthauza seva, swichi ndi wogawa wake, ikhale ndi mabatire akeake. Ndalama zikapezeka, mbali imodzi idalire sola. Swichi yopereka mphamvu m'zingwe iwerengeredwe bwino, chifukwa lamulo la 802.3af limalola mawati 15.4 pa bowo lililonse ndipo la 802.3at limafika mawati 30.

Lachiwiri ndi mphenzi. Kuyambira November mpaka April chigwa cha Lilongwe chimalandira mvula ya mabingu, ndipo chingwe cha mkuwa chodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri chimatha kutengera mphamvu ya mphenzi ku maswichi a mbali zonse. Chingwe chotere sichiyeneranso kupitirira mamita 100. Pakati pa nyumba ndi nyumba payende faiba, imene siyendetsa magetsi, ndipo njira yachiwiri isaikidwe m'ngalande imodzi ndi yoyamba, poti khasu limodzi lidzadula zonse.

Lachitatu ndi njira yotulukira kunja. Malawi alibe doko la panyanja yamchere, ndiye intaneti yake imadzera m'maiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka tsiku limodzi m'nyanja pakati pa Mozambique ndi South Africa, pamene zingwe zina za ku Red Sea zinali zitaduka kale mu February chaka chomwecho. Intaneti inafooka m'Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko ena a kum'mawa kwa Africa. Zingwe za eni osiyana zinali zitagona m'dera limodzi.

Zofanana zimachitika pafupi pompano. Rauta yokhala ndi masimu awiri, ya TNM ndi ya Airtel, ndi chiyambi chabwino, koma mmisiri afufuze ngati makampani onse awiri sakuulutsira pa nsanja imodzi yodalira jenereta imodzi. Kugawana nsanja ndi bizinesi yodziwika: mu 2022 kampani ya Helios Towers inagula nsanja za Airtel Malawi, ndipo ntchito ya kampani yotere ndi kubwereketsa nsanja kwa makampani angapo. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu July 2023, imapereka njira yosadalira nsanja ya pafupi, ngakhale imafuna magetsi akeake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Chofunika koposa kwa chipatala ndi chakuti seva ya kaundula ikhale pomwepo, kuti intaneti ikaduka odwala azilembedwabe, malipoti n'kudzatumizidwa ku DHIS2 ya Unduna wa Zaumoyo njira ikatseguka.

Kaundula asagawanike

Kugawa mapempho ndi kosavuta poyerekeza ndi kusunga kaundula mmodzi. Maseva awiri ayenera kuona zolembedwa zofanana. Mapulogalamu a database monga MySQL ndi PostgreSQL amatha kukopera chilichonse cholembedwa pa seva yaikulu kupita ku yodikira. Ngozi imabwera chingwe cha pakati pawo chikaduka onse ali moyo. Iliyonse imaganiza kuti inzake yafa, iliyonse imayamba kulandira zolembedwa, ndipo pakutha pa tsiku pamakhala makaundula awiri otsutsana: wodwala mmodzi wapatsidwa mankhwala uku, uko akuoneka kuti sanalandire. Amisiri amati split brain, ndipo kukonza kwake kumatenga masiku.

Njira yopewera ndi kuika mboni yachitatu, ngakhale kakompyuta kakang'ono, kuti seva itenge udindo pokhapokha itagwirizana ndi mboniyo. Kumene zimenezi sizingatheke, ndi bwino kuti kukweza database yodikira kukhale ntchito ya munthu wotsata malangizo olembedwa. Mphindi khumi zodikira n'zopepuka kuposa makaundula awiri.

Kukopera kumeneku sikulowa m'malo mwa backup. Munthu akafufuta zolembedwa mwangozi pa seva yaikulu, yodikira nayo imafufuta nthawi yomweyo. Kope ya tsiku ndi tsiku isungidwe m'nyumba ina, ndipo nthawi ndi nthawi iziyesedwa ngati ikutseguka.

Kuyesa

Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Kampaniyo ili ndi maseva osawerengeka m'maiko ambiri, koma lamulo limodzi lolakwika pa nthawi yokonza netiweki linadula zonse pamodzi. Kuchuluka kwa makina sikuteteza ku dzanja la munthu. Choncho kusintha kulikonse kuzichitika mbali imodzi, kuonedwa kuti kukuyenda, kenaka mbali inayo. Ndipo kuzisungidwa: maswichi ambiri amasunga zosintha m'chikumbumtima chimene chimafufutika magetsi akazima, mpaka mmisiri atalamula kuti zilembedwe mokhazikika. Pa Cisco lamulolo ndi copy running-config startup-config. Ntchito ya sabata yathunthu imatha kusowa pa kuzima kumodzi chifukwa cha mzere umodziwu.

Munthu nayenso akhale ndi womulowa m'malo. Ngati mmisiri mmodzi yekha ndiye akudziwa nambala zachinsinsi ndi kumene chingwe chilichonse chikupita, tsiku limene wapita ku maliro kwawo chipatala chilibe failover. Chingwe chilichonse chilembedwe dzina mbali zonse ziwiri. Chithunzi cha netiweki chipachikidwe pa chitseko cha kabati, makope a zosintha za maswichi asungidwe pa pepala ndi pa fulashi, ndipo munthu wachiwiri aphunzitsidwe pochita ndi manja ake. Ophunzira a m'makoleji a ntchito zamanja angaphunzire zonsezi ndi makompyuta akale atatu ndi maswichi awiri.

Kenaka pafike tsiku loyesa, losankhidwa dala, madzulo mzere utatha, akuluakulu atadziwitsidwa ndipo mafomu a pepala ali pafupi. Wina akhale pa kompyuta ya m'chipinda akugwiritsa ntchito kaundula, wina agwire wotchi. Mmisiri azule chingwe chimodzi cha seva. Abwezere, kenaka azimitse pulogalamu ya kaundula seva ili chiyakire. Azimitse seva yonse. Azimitse wogawa woyamba, kenaka swichi yoyamba. Atsitse magetsi a ESCOM pa bokosi kuti aone maola amene mabatire apirire. Pomaliza achotse simu yoyamba mu rauta.

Pa yeso lililonse alembe m'buku masekondi amene ntchito inaima, ndiponso ngati kalaliki anafunika kulowanso kapena kutaya zimene analemba. Manambala oyembekezeka ndi odziwika: masekondi osapitirira 3 pa LACP yoikidwa pa liwiro, 3 kapena 4 pa VRRP, pafupifupi 6 pa seva yochotsedwa ndi HAProxy. Wotchi ikawerenga masekondi 50, ndiye kuti swichi ina ikuyendabe pa Spanning Tree yakale. Ntchito ikapanda kubwerera konse, kawirikawiri vuto limakhala njira yobwerera ya seva yachiwiri, kapena zosintha zimene sizinasungidwe. Yesoli lizichitika kawiri pa chaka ndiponso pakasinthidwa chinthu chachikulu, ndipo limodzi mwa awiriwo lizigwera mu October, kuti mabatire ofooka ndi zingwe zodyeka zisinthidwe mvula ya mabingu isanayambe.